Ufa wa ku maliro a amayi aakulu

Amayi aakulu atamwalira ku Dallas, m'nyumba mwathu ku South Bend tinalira anthu awiri, koma woti n'kukwera ndege ndinali ine ndekha. Amayi anga alibe mapepala. Anandibweretsa kuno ndili kamwana, visa inatha, ife tikadali pompano. Ine ndili ndi kakhadi kamene boma limapatsa anthu oti anabwera ali ana. Kamandilola kugwira ntchito ndipo kamati ndisathamangitsidwe kaye. Pakapita zaka ziwiri ndimakapemphanso, mtima uli m'mwamba.

Chibwerereni ndinali ndisanakwerepo ndege. Ndinawerenga pafoni mpaka maso kuwawa. Ena amati kakhadiko amakalandira bwinobwino pa maulendo a m'dziko momwemuno, ena amati msuweni wa mnzawo anamutengera m'kachipinda. Ndinasankha kukakwerera ku Indianapolis chifukwa ndege yake inali yosatera pena paliponse. Kuonetsa nkhope yanga kamodzi kunali kokwanira.

Amayi sanadye masiku amenewo. Malemuwo ndi amene anawalera, ndipo thupi linali loti lipita ku Malawi, kumene amayi atati apite sangabwererenso kuno. Anandipatsa chitenje chawo chakale n'kundiuza kuti ndikawalirire.

Mkangano unabuka pa nkhani yoperekeza. Ndinawauza kuti atsale kunyumba, kubwalo la ndege kumadzadza anthu a yunifolomu ndipo munthu sudziwa kuti uyu ndi wa chiyani. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana.

"Munthu wopita ku maliro sachoka panyumba ngati wakuba," anatero. "Ndikuperekeza."

Amayi anga akanena chinthu, bola kukangana ndi khoma. Mlendo wongobwera kudzamwa tiyi amamuperekeza mpaka pagalimoto ngakhale kunja kukugwa chipale, ali ndi masilipasi. Ndiye mwana wawo, wopita kukalira m'malo mwawo? Ndinakwiya, ndinawachonderera, ndinawaopseza, zonse zinangogwera pamwala. Tinagwirizana kuti alowa, koma akakhala pamipando ya kutali, ndipo ndikangolowa pamzere iwo atuluka.

Amene anatitengera ku bwalo la ndege ndi amalume a ku Lawrence, omwe si malume enieni koma a kutchalitchi, ndipo mapepala awo ali bwino. Njira yonse amandiseka kuti ndikuopa ndege ngati nkhuku yoona kabawi. Sankadziwa kuti ndege yeniyeniyo sinali m'mutu mwanga n'komwe. Titafika, iwo anatsala ndi galimoto panja, amayi n'kulowa nane. Anavala chitenje pamwamba pa jekete la nyengo yozizira, ndipo pa anthu onse a m'holo muja panalibe wina wooneka ngati iwo. Anandigwira dzanja n'kupemphera, osafulumira ngakhale pang'ono. Ine maso sindinatseke.

Ndinalowa pamzere. Bambo woona ziphaso analandira kakhadi kanga, anakayang'ana, anandiyang'ana, n'kundibwezera. Basi. Mantha a mlungu wonse anathera pamenepo, ndipo ndinatsala pang'ono kuseka. Ndinavula nsapato, ndinaika chikwama palamba wolowetsa katundu m'makina ounikira, ine n'kudutsa pamakina ounikira anthu.

Chikwama changa sichinanditsatire. Chinapatukira kumbali, ndipo mayi wina wa yunifolomu, wovala magolovesi, anafunsa mwini wake. Anatsegula, anachotsa chitenje chija, m'kati mwake n'kutulutsa jumbo yomanga mfundo, yodzadza ndi zinthu zoyera mbee.

Jumboyo ndinaidziwa. Unali ufa woyera umene munthu wina anawabweretsera amayi kuchokera kumudzi, ndipo ankausunga mufiriji osauphika, ati ukudikira tsiku lalikulu. Kwathu kumaliro sapita chimanjamanja, azimayi amanyamula kaufa. Anaulowetsa m'chikwama ine ndikusamba, chifukwa ankadziwa kuti ndikadakana.

Ndinafotokoza m'Chingerezi kuti ndi ufa wa chimanga, ndikupita nawo ku maliro. Mayi uja sanakalipe. Anati ayenera kuuyeza, ndipo anaitana mnzake. Ndinaima pamenepo ndi masokosi okha, ndikulingalira kuti akafunanso kakhadi kaja adzakawerenga mofatsa ulendo uno. Kenako ndinacheuka, kufuna kutsimikiza kuti amayi atuluka.

Sanatuluke. Anali atachoka pamipando ija n'kufika pachingwe chimene opanda tikiti saloledwa kudutsa. Anaona jumbo yawo m'manja mwa munthu wa boma, ndipo anakweza mkono ngati mwana wa sukulu wodziwa yankho. Ndinadziwa chimene amafuna. Amafuna kunena kuti ufawo ndi wawo, mwanayo alibe mlandu. Bambo wina wa yunifolomu anali atayamba kale kuwayandikira.

Ndinawapukusira mutu pang'ono, iwo osamva. Ndinayamba kuona zonse zimene zikadatsatira, Chingerezi chawo chodukaduka, funso la chiphaso, kachikwama kawo mopanda kanthu koonetsa. Mwina sakadawafunsa chilichonse. Anthu odziwa amati a pamakina aja ntchito yawo ndi zikwama, osati mapepala a munthu. Koma amayi anga ndili nawo amodzi, sindikadayesa.

Mayi wa magolovesi anatsatira maso anga.

"Mayi awo muli nawo limodzi?" anandifunsa.

"Ayi," ndinatero. "Ndili ndekha."

Ndinawafulatira amayi n'kuyang'ana jumbo ija. Sindinacheukenso. Msana wanga umatentha, ndipo ndinali wokwiya kwambiri, ndi amayi, ndi ufa, ndi kakhadi kondisandutsa munthu wotere. Makina oyezera ufawo atalira, mayi uja anamanganso jumbo, mfundo yake yosalimba, n'kundiuza kuti pepani ndi malirowo. Nditavala nsapato ndinayang'ana kuchingwe kuja, panalibe munthu.

Ndinaimba foni ya amayi, sanayankhe. Ndinaimba ya amalume, nayonso inangolira. Ndinakhala pafupi ndi khomo lokwerera ndege, jumbo ili pamiyendo, ndikuganiza zotuluka n'kusiya ulendowo. Atayamba kuitana anthu m'pamene uthenga wa amalume unalowa, wakuti ali ndi amayi m'galimoto, adutsa kale tauni ya Speedway. M'ndege ndinalira, ndipo mzungu amene anakhala pambali panga anandipatsa tishu poganiza kuti ndikuopa kuuluka.

Ku Dallas azimayi anaulandira ufa uja ndi manja awiri. Mmodzi anaununkhiza n'kunena kuti uwu ndi wa kumudzi weniweni, ndipo anauphikira anamfedwa okha. Ndinavala chitenje cha amayi n'kukhala pansi pamodzi ndi anthu amene ankandiuza kuti ndafanana ndi malemu.

Tsiku lotsatira amayi anaimba okha. Anafunsa ngati ufa unafika, ngati anthu anabwera ambiri, ndi nyimbo zimene anaimba. Ndinayankha zonse. Kenako ndinayamba kunena za pachingwe paja, koma anandidula.

"Ndinakuona ukutembenuka," anatero. "Unachita bwino, mwanawe."

Ndikumva wailesi ya kukhitchini kwathu pafonipo, iwo anapitiriza.

"Pobwera usandiyembekezere m'kati. Ukandipeza m'galimoto."