Tsiku Limene Makina Anamukana Asiyatu

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi amalume, omwe ankayendetsa lole ya kampani ina yoweta chambo cha ku Makokola. Anamva kuti akufuna munthu wodziwako kompyuta woti azikhala pa geti, ndipo ine ndinali nditangomaliza kosi ku boma.

Poyamba antchito ankadinda chala polowa. Koma zala za anthu okoka maukonde ndi opala nsomba zimatha mizere, ndiye kampani inagula makina omvera mtima. Kanali kabokosi ka tizitsulo tiwiri. Munthu ankapukuta manja, kuika zala zazikulu pa tizitsuloto, n'kuima osalankhula. Pa sikirini pankayenda mzere wokwera ndi kutsika, makina n'kuufananitsa ndi umene tinasunga tsiku lomulembetsa. Zikagwirizana inkayaka nyale yobiriwira, zikasiyana yofiira. Ine ndinkalembetsa anthu, kupukuta tizitsulo ndi sipiriti, komanso kutchaja batire ku sola.

Amayi a ku shedi yopalira nsomba ankachita mantha. "Sikatipopa magazi kameneka?" A Chikopa, kapitawo wathu, anandiuza choyankha: kamangodziwa dzina la munthu, basi. Ndinkawauza zomwezo, ndipo nanenso ndinkakhulupirira.

Mmodzi mwa amayiwo anali Asiyatu wa ku Makanjira, waganyu wofatsa amene ankalonjera aliyense. M'mawa wina wa nyengo yotentha anaika zala, nyale n'kufiira. Ndinapukuta tizitsulo. Yofiira. Ndinamupatsa mpando kuti apume kaye, mwina wathamanga. Yofiirabe. Mzere wa anthu unafika kumsewu, ena ayamba kung'ung'udza kuti nsomba zivunda.

A Chikopa anabwera n'kusuzumira pa sikirini.

"Amene anatigulitsa makinawa anati mtima umasintha munthu akadwala kapena akaima," anatero mokweza. "Iwe sukuoneka wodwala. Uli ndi pakati?"

Kwathu kuno pakati satchula pagulu. Asiyatu anakoka mpango n'kuphimba kukamwa. Sanayang'ane kapitawo, anayang'ana ine.

"Achimwene, paja munati kamangodziwa dzina?"

Ndinapempha a Chikopa kuti ndingomulembetsanso, poti inali ntchito ya kanthawi kochepa. Anakana.

"Woyembekezera sanyamula makireti pano. Akagwa alipira ndani? Wotsatira!"

Ndinapukuta tizitsulo, wotsatira n'kuika zala. Asiyatu anatola kachidebe kake ka chakudya n'kutuluka, ndipo kampani sinamuitanenso.

Pambuyo pake mnzake wa ku shedi anandiuza kuti Asiyatu anali atapita padera kangapo, ndiye ulendo uno sanauze ngakhale apongozi ake. Nkhani inakafika kumudzi iye asanafike. Kuyambira pamenepo mayi aliyense amene nyale inamufiirira, ngakhale chifukwa cha thukuta chabe, ankasanduka nkhani pa shedi. Ena ankafika pa geti ali kale ndi mantha, makina n'kuwakanadi. Kampani inkangoti zonse zikuyenda bwino.

Ndinasiya ntchitoyo mvula isanagwe. Pano ndimakonza mafoni pa msika wa Mangochi, ndipo chimene ndinatolako n'chakuti sinditsegula chinthu cha munthu pamene wina wandiimirira kumbuyo. Bwana akandiuza mawu oti ndikauze anthu, ndimayamba ndafunsa amene adzapepese zikadzalakwika.

Asiyatu amagulitsa usipa pafupi ndi mlatho, mwana ali kumbuyo. Ndinayesapo kumulonjera. Anayamba kukonza milu ya nsomba yomwe inali yokonza kale, mpaka ndinadutsa.