Phala Lomwe Linaimitsa Makina a Azungu

Ndikukumbukira, ee ndikukumbukira, chaka chomwe ndinafika ku Tottenham kudzalera mdzukulu wanga Tadala. Anali ndi zaka zinayi. Anabadwa ubongo utavulala, manja ndi miyendo zinkangogwedezeka zokha, koma kuseka kwake, amayi inu, ngati belu la Lamulungu!

Madokotala ankafuna kumujambula m'mutu kuti aone gwero la matenda akugwa omwe ankamuvuta. Makina awowo safuna munthu wogwedezeka, ndiye anati ayamba amugoneka ndi mankhwala. Tsikulo tinalidikira miyezi isanu ndi iwiri. Dziko lolemera, mzere wake kuposa wa feteleza!

Mwana wanga Esinati, mayi wa Tadala, nesi wathunthu, anandiwerengera kalata: mwana asadye chilichonse m'mawa umenewo. Ine mumtima: azungu aphunzira mpaka kuiwala kuti mwana satuluka m'nyumba ndi njala? Esinati ali m'bafa, ndinatenga phala lotendera, supuni imodzi, ziwiri, mbale mbee! Pakamwa ndinapukuta, umboni psiti.

Kuchipatala ku Edmonton, fungo la mankhwala lili guu, nesi wachizungu anafunsa ngati mwana wadya. Esinati anati ayi. Kenaka anandimasulira: "Amayi, akuti akagona m'mimba muli chakudya, chimabwerera n'kulowa m'mapapo. Ndi zoopsa."

Ndikaulula, tsiku lathawa. Ndikabisa, mwana angatsamwe m'tulo. Ndinakweza dzanja ngati wa Sitandade Wani.

"Kaphala pang'ono chabe."

"Pang'ono bwanji, Amayi?"

"Mbale ija ya maluwa."

Nesi uja anamwetulira kumwetulira kwa kuno kosaonetsa mano, anapepesa katatu ngati wophika phala ndi iye, n'kutibweza. M'basi Esinati anandifulatira, maso pawindo. Tadala yekha ndiye ankageya mwaufulu.

Tinadikiranso miyezi itatu. Ulendo wachiwiri Esinati ufa anaubisa, ine ndinasala limodzi ndi mwana, nyimbo pakamwa, m'mimba mukuyankha. Anagona, anajambulidwa, anadzuka, aleluya, anadzuka! Anamusinthira mankhwala, kugwa kunachepa.

Zinthu zasintha, anzanga. Tadala lero ndi namwali wamkulu, amadziyendetsa yekha pa njinga yamagetsi, makalata anga akuchipatala amawerenga ndi iye. Tsiku la opaleshoni ya bondo langa anaimika njingayo pakhomo la khitchini. Ndinapempha katiyi kokha, kopanda ndi shuga yemwe.

"No, Agogo."

Mwana womudyetsa ndi dzanja langali!