Moni wa Agogo ku Hendon

Inu ana a mlongo wanga, amene mwayamba kunyinyirika kuti dzina lathu la Hendoni ndi lobwereka, khalani pansi mumve, pakuti bambo anga amene akanakuyankhani bwino anagona kale.

Ndimakumbukira ndodo ya mtengo wa phingo, yakuda bii, yolemera, imene inkakhala kuseri kwa chitseko m'nyumba yathu ya lendi ku Edmonton, kuno ku London. Anaisema ndi agogo anga, bambo awo a bambo. Iwo anali mwana wamasiye amene analeredwa ndi mzungu wa pamishoni, Bwana Hendon, ndipo dzina la mzunguyo ndi limene analembedwa nalo pa ubatizo. Bambo ponyamuka kudzaphunzira kuno, m'zaka za m'ma 1990, agogo anawapatsa ndodoyo nati, "Ukapeze mudzi wa Bwana, ukawauze abale ake kuti mwana uja anakula, ali ndi zidzukulu." Tisanathe chaka kuno, uthenga unabwera kuti agogo atisiya.

Inali nyengo yoyamba ya chisanu kwa ine. Mpweya unkatuluka m'kamwa ngati utsi, zala zinkaluma m'magolovesi, ndipo m'nyumba munkanunkha zovala zoyanikidwa pa hita. Bambo analibe mtendere. Mawu a munthu wakufa salola munthu kugona. Tsiku lina anabwera akupuma wefuwefu: anaona dzina lathu litalembedwa pamphumi pa basi.

Muyenera kumvetsa maganizo awo. Kwathu mudzi umatchedwa dzina la mwini wake, ndipo ukafika pamudzi wa Uje, aliyense amene wakumana naye ndi mbumba ya Uje. Bambo anali munthu wophunzira, koma pa ichi sanakayike mpang'ono pomwe. Malume, amene tinkakhala nawo, anaseka mpaka kutsamira khoma. "Alamu, kuno ndi ku London! Munthu sadziwa ndi neba wake yemwe. Mukagogoda pa door ya ndani?" Mayi anangosita malaya oyera a bambo, nandidzoza mafuta kumaso. "Mukafika, manja onse awiri popereka moni. Usakatichititse manyazi."

Loweruka tinakwera mabasi, ine nditakumbatira ndodo. Titatsika, bambo anayamba kufunsa anthu mwaulemu, chipewa chili m'manja, kumene kunali nyumba ya akuluakulu a banja la Hendon. Wogulitsa nyuzipepala anatiloza kusiteshoni. Mayi wina amene ankayenda ndi galu anafulumiza miyendo. Lero ndimati anthuwo sanali oipa, funsolo ndi limene linalibe khomo lolowera m'mitu mwawo.

Tinakwera chitunda mpaka pa tchalitchi chakale chamiyala, ndipo kumeneko wansembe wokalamba, wotsimphina, anatimvetsera mpaka kumapeto. Anatikhazika pa benchi yozizira nafotokoza mofatsa. Dzinalo, anati, m'chinenero cha makolo awo limanena za chitunda chachitali, chomwe tinakwerachi. Malo ndiwo anayamba, munthu anadza pambuyo. Kalekale anthu analibe dzina la banja. Munthu akachoka pano kukakhala kwina, a kumeneko ankamutcha wa ku Hendon, ndipo ana ake analitenga ngati chiwongo. Wotsala pamudzi sankatchedwa choncho, pakuti onse anali a pomwepo. "Amene muli kuwafuna," anatero, "ndi ana a anthu amene anachoka. Kapena Bwana wanuyo sanapondepo n'komwe pano."

Bambo anaimirira. Kenaka anatuluka, nayenda pakati pa manda akuwerenga miyala yomera ndere, koma dzina lathu panalibe. Pamenepo anavula chipewa, nagwada pa udzu wonyowa ndi thalauza lawo la kutchalitchi, nawomba m'manja mwa kwathu. Ananena mokweza m'Chichewa kuti mwana uja anakula, anamanga banja, ali ndi zidzukulu, ndipo wagona ali wothokoza. Ine ndinayang'ana kumbali, makutu akutentha, chifukwa anyamata ena anali kutisuzumira pa mpanda. Ndodo anaipereka kwa wansembe ndi manja awiri, ndipo mkuluyo anaiyesa pomwepo, natiperekeza nayo mpaka pachipata.

M'basi pobwerera, mazenera atachita nkhungu, bambo anaseka okha pang'ono nati, "Dzina la anthu ochoka kwawo. Ndiye kuti ndi lathu ndithu." Ine ndinkangoganiza za malume, kuti atiseka pobwera opanda m'bale ndi mmodzi yemwe. Sindinadziwe chifukwa chake usiku umenewo bambo anadya bwino nagona tulo, kapena kuti iwo amene ankati tabwera kudzakhala zaka zochepa chabe adzaikidwa m'dothi lakuno.

Tsono ana inu, dzina ili litchuleni mosaweramitsa mutu. Ndipo mkulu akakutumani mawu, kawafikitseni kumene anakutumani, ngakhale mukapeze kuti wowalandira palibe.