A Filipo ndi maliro opanda mtembo

Akhristu anzanga, mwezi watha tinaika m'manda a Filipo Chikuse, oimba belu a tchalitchi chathu cha kufupi ndi mtsinje wa Bua. Anabadwira konkuno, mwana wa msodzi, koma bwato linkawapatsa chizungulire, ndiye anasankha khasu. Sukulu analekezera Sitandade 2, kundiposa ine ndi chaka chathunthu. Atakwatira a Keti, mpingo unawapatsa belu, chitsulo cha gudumu la lole chopachika mumtengo wa mango, ndipo anachimenya zaka makumi atatu osajomba, kupatula miyezi isanu ndi umodzi yokha. Pamsonkhano akafunsidwa maganizo ankangoti, "Inenso ndasokonezeka."

Zaka zambiri zapitazo, Lachiwiri lina mu Febuluwale, dzuwa likuswa mtengo, anaona Bua atafiira, akubwera ndi nthochi zathunthu ndi mbuzi yakufa. Mvula inali itagwa kumtunda. Mudzi wonse unali kudambo, kupalira mpunga. Anathamangira kwa apampando a mpingo, a Kingston, omwe anati nkhani yotere imafuna komiti. A Filipo anatsikira kudambo kukakuwa. Anthu anayang'ana kumwamba, n'kuseka, n'kuweramanso.

A Filipo anakwera kutchalitchi kuchitunda mutu utaima. Anagwada, pemphero osabwera. Belu la mapemphero pakati pa sabata, ndani angalisiyire mpunga? Ndiye anaimba la maliro, kamodzikamodzi.

Mukudziwa kwathu kuno, maliro akamveka khasu limagona, la Mkhristu ndi la Msilamu lomwe. Anthu onse anakwera, amayi ena akulira kale asanadziwe womulira. Anansi a Filipo a kumzikiti, a Salimu, anawafunsa, "Watisiya ndani, achimwene?"

"Sindikudziwa," anatero a Filipo. "Aliyense amene watsala kudamboko."

Anthu anawazungulira ndi mawu osalembeka m'kalata ya parishi. Ali mkati mokalipa, madzi anakuta dambo lonse, olekeza m'khosi. Mpunga unapita. Munthu sanapite ndi mmodzi yemwe.

Apa m'pamene komiti inakumana. Inagwirizana kuti a Filipo anachita bwino, inagwirizananso kuti ananamiza mpingo ndi chipangizo chopatulika, ndipo inawalanda belu miyezi isanu ndi umodzi. Iwo sanatsutse. Anatenga tsache n'kumasesa m'tchalitchi.

Koma mumtima nkhaniyi sinawathere. Bodza ndi tchimo, nanga anthu ajawo akanatani? Anakalapa kwa bambo mfumu, omwe anawauza za azamba a ku Ejipito amene ananamiza Farao kuti makanda apulumuke, Mulungu n'kuwadalitsa, ndi za mbusa wabwino amene sathawa mmbulu ukabwera. A Filipo anatuluka atasokonezeka koposa. Ankadandaulira a Keti kuti iwo si mzamba, nkhosa alibe, ndipo a Kingston, ngakhale ali ndi zawo, si Farao.

Atakalamba n'kugwidwa ndi chifuwa, a Salimu anabwera kudzawazonda. A Filipo anawagwira mkono. "Mundiuze zoona, inu simuli m'komiti. Kodi ndinanama?"

"Munanama, achimwene. Ndipo zidzukulu ndili nazo zisanu ndi ziwiri chifukwa cha bodza lanulo."

A Filipo anausiya mkono uja. "Basi, ndikafunsa Mwini wake."

Anatisiya m'mawa mwake, korona ali m'manja, nkhope ili phee ngati munthu woti wayankhidwa. Ife otsala sitinamvetsebe kuti mtsogoleri tinkamusankha chaka ndi chaka pokweza manja, koma tsiku la madzi Mulungu anatuma munthu wosadziwa chochita. Mzimu wawo uuse mumtendere.