Pepala Lomaliza Linapita kwa Agemu

Ndili ndi zaka khumi ndi zitatu, mtima wanga wonse unali pa ngwazi ya m'timabuku ta zithunzi totuluka mwezi ndi mwezi. Anali mwamuna wa chisoti chachitsulo, wonyamula basi yathunthu ndi dzanja limodzi. Malume, omwe ankayendetsa lole ya ku Chipata, ndiwo ankandibweretsera timabukuto kwathu ku Kakumbi. M'kabuku ka Disembala adani anamugwetsera phiri, miyala n'kumukwirira. Kenako mvula inadula msewu, lole osaonekanso miyezi itatu.

Kusukulu anzanga anati wafa basi, mpaka kumandipepesa ngati namfedwa. Ine, pakamwa panga posatsekapa, ndinalumbira kalasi yonse ikumva kuti akapezeka wakufa andimete mpala. Tsitsi langa linali lalitali, amayi ankaliluka Loweruka lililonse, ndipo mnzanga wina anasungiratu lezala.

Lole inafika mu Epulo. Pochokera kotunga madzi ndinapeza kabuku katsopano pampando, n'kukawerenga ndili chiimire. Miyala yokhayokha, anthu akulira. Kufika kumapeto, pepala lomaliza palibe. Wina anali ataling'amba mosamala.

"Amayi, wagwira kabuku kanga ndani?"

"Atate ako. Ati pepala lake n'lofewa bwino."

Atate anali mmodzi wa agemu, olonda nyama m'nkhalango ya boma, ndipo agemu pepala lililonse ankapichirira fodya. Wopeza pepala sankasuta yekha, ankagawira anzake onse.

Ndinakwera njinga ya atate, miyendo isakufika bwino, ulendo wa ku kampu yawo. Ndinawapeza anayi pansi pa mvunguti, mfuti atazitsamiritsa pamtengo.

"Mwaswera bwanji, atate?" ndinatero nditagwada, ndili wefuwefu. "Ndadzera pepala langa."

"Iwe, si kapepala chabe aka?"

"Muli munthu mmenemo, atate. Mukam'suta, ine andimeta mpala."

Agemu anaseka mpaka kutsokomola. Awiri anamasula ndudu zawo, fodya n'kubwezera m'thumba. Atate anatsitsa yawo yomwe anaipanira kukhutu. Wachinayi, mkulu wawo, anali atayatsa kale. Anaizimitsa ndi malovu, n'kundipatsa kachidutswa kopserera m'mbali.

Ndinalumikiza zidutswa zinayizo pachishalo cha njinga. Mawu onse anali atapsa. Koma pa kachidutswa kopserera kaja panali dzanja lotulukira pakati pa miyala, litakunga chibakera. Ndinakuwa mpaka anyani omwe anali chapafupi anabalalika. Chimwemwe ngati chimenecho sindinachimvenso, ngakhale tsiku lomwe ndinakhoza mayeso.

Mkulu uja anakayang'anitsitsa kachidutswako monga ankachitira ndi mapazi a nyama pamchenga.

"Chakufa sichikunga chibakera chonchi," anatero. "Uyu ali moyo, mwana wanga. Ine ndasuta chabe mawu ake."

Ndinamata pepalalo ndi phala, ndipo Lolemba kabuku kanazungulira kalasi yonse kakununkha fodya. Mnzanga wa lezala uja anakakamira kuti dzanja lokha si umboni. Ndinamuuza kuti apite ku kampu akatsutsane ndi agemu, anthu odziwa chamoyo ndi chakufa. Sanapite. Lezala yake inathera kusongola mapensulo, ndipo Loweruka lotsatira ndinapempha amayi kuti andilukire tsitsi pakhonde, pomwe aliyense wodutsa mumsewu angandione.