Pikapu ya Mapaipi Awiri

Chaka chonse cha Fomu 1 ndinkafika kusukulu pa kabaza. Sukulu yathu ndi yogonera, ili kufupi ndi Nathenje, ndipo tsiku lotsegulira atsikana amaunjikana pageti kuonerera amene akubwera. A ku tauni amatsika m'magalimoto a magalasi akuda. Ine wa ku Mitundu ndinkatsika pa njinga yamoto, sutikesi pamiyendo, tsitsi lili mbuu, ndipo panalibe wotembenuka. Sindinkafuna zambiri ayi. Ndinkangofuna kuti tsiku limodzi mitu yonse ya pageti paja itembenukire kwa ine.

Mwayi unabwera pamene achimwene anga anagula pikapu yakale ku esiteti ina, yoti azinyamulira mabelo a fodya ndi matumba a mtedza. Sitata yake inali yakufa, moti inkalira mochita kukankha. Ekizozi nayo, paipi yotulutsira utsi, inali yobookabooka ngati sefa. Pa tchuthi cha Khirisimasi anati akonze chimodzi mwa ziwirizi, china chidikire.

Ine ndinali nditaona pa foni ya mnzanga pikapu yakunja ya mapaipi awiri onyezimira kumbuyo, ikubangula mochititsa kaso. Ndinawafotokozera achimwene kuti injini ili ngati munthu, imathamanga bwino ikamapumira mphuno zonse ziwiri. Ndinawonjezera kuti zimenezi ndi za mu Fizikisi. Achimwene amalemekeza chilichonse chimene chatchulidwa Fizikisi, ndiye sitata inadikira.

Tinapita kwa bambo wina wowotcherera zitsulo kuseri kwa msika wa Mitundu. Anakweza matayala a mbali imodzi pa mulu wa njerwa, n'kulowa pansi chagada. Anadula paipi yakale ija, napanga mphanda yoti utsi uzigawikana pawiri. Popinda mapaipi atsopano ankayamba wawadzaza mchenga kuti asaphwanyike, kenako n'kuwaotcha pa makala mpaka afiire. Zonyezimira za kumapeto anazidula ku miyendo ya mpando wakale wa mu ofesi. Ine ndinagwada m'fumbi ndi rula yanga ya kusukulu, kuyeza kuti mapaipi onse atuluke mofanana. Sindinayambe ndagwirapo ntchito ya Masamu ndi mtima wonse ngati tsiku limenelo.

Kenako bamboyo anagogoda kabokosi kamene kamameza phokoso, kaja amati sayilensa.

"Nanga aka tikabwezere, bwana?"

Achimwene anayang'ana ine.

"Kasiyeni," ndinatero. "Kakuitsamwitsa injini."

"Mwamva, bwana? Adokotala alamula," anatero bamboyo akuseka. "Inenso zinthu zolira ndimazikonda."

Titaikankha n'kulira, nkhuku za pamsika zinabalalika, ndipo anthu anatuluka m'magolosale kudzaona. Mtima wanga unkagunda limodzi ndi injini. Titafika kunyumba amayi anaima pakhonde atatseka makutu, n'kufunsa ngati tagula chigayo. Ndinawamvera chisoni kuti sadziwa zamakono.

Tsiku lotsegulira sukulu mu Januwale kunacha ndi mvula. Ndinapolisha nsapato mpaka ndinkadzionamo, ndinavala sokosi zoyera zatsopano, n'kukhala kutsogolo. Tinadzera njira yamatope yodutsa m'minda ya fodya. Njira yonse ndinkakonzekera katsikidwe kanga: kutsegula chitseko mosapupuluma, kutsitsa mwendo umodzi, kusayang'ana munthu aliyense, kenako n'kunena mokweza pang'ono kuti, "Muyende bwino, achimwene."

Denga la sukulu litayamba kuonekera, tinapeza masamba atayalidwa pamsewu. M'mudzi woyandikana ndi mpanda wa sukulu munagwa maliro. Zikatero wa njinga amatsika, wa chipewa amavula, wa galimoto amazimitsa wailesi n'kumayenda pang'onopang'ono kufikira atadutsa masamba achiwiri. Achimwene anavula chipewa, nachepetsa liwiro. Koma pikapu yathu inali itaiwala kunong'ona. Poyenda pang'onopang'ono m'pamene inkaphulika kwambiri, phu! phu! phu! Azimayi amene ankaimba pasiwa anasiya nyimbo pakati. Mwa azibambo amene anakhala pansi pa mtengo, mkulu wina anaimirira n'kungokweza dzanja.

Achimwene anazimitsa injini pomwepo. Kunangoti zii.

"Tsika, chemwali."

"Achimwene, ndavalatu yunifolomu."

"Ine ndigwira chiwongolero. Kapena Fizikisi ili ndi njira ina?"

Ndinatsika. Mwendo woyamba uja, umene ndinaukonzekeretsa njira yonse, unalowa m'matope mpaka m'kakolo. Azibambo awiri a pamaliro anadzuka kudzathandiza, ndipo ine ndinagwira pakati, mapaipi otentha aja uku ndi uku. Nyimbo inayambiranso. Tinadutsa pasiwa mwaulemu wonse, nsapato zanga zikulira phwatha phwatha.

Ndinkayembekeza kuti masamba achiwiri ali pafupi. Anali kutsogolo, kupitirira geti la sukulu.

Pageti panali podzaza monga mwa nthawi zonse. Panali pataima galimoto yofiira, mtsikana wa m'kalasi mwathu akutsitsa katundu wake. Ndinafuulira achimwene monong'ona kuti aime nditenge sutikesi.

"Osaima! Tikaima apa titimira!" anayankha pawindo. "Limbikira, chemwali!"

Ndinadutsa chotero pageti la sukulu yanga, nditawerama, thukuta lili kamukamu, pakati pa azibambo awiri osawadziwa. Mitu yonse inatembenukira kwa ine. Sunatsale ndi umodzi womwe. Ngakhale a gadi anatuluka m'kanyumba kawo kuti aone bwino. Pemphero langa la chaka chonse linayankhidwa lonse lathunthu, ndipo ndinaphunzirapo kuti popempha uzitchula ndi mbali ya galimoto imene ukufuna kukhala.

Titadutsa masamba achiwiri panali kamtsetse. Achimwene anadikira kuti titalikireko pamaliro, kenako anasiya kilatchi kuti injini ilire. Azibambo aja anali atalumphira kale pambali. Ine ndinali ndikukankhabe mokhulupirika. Injini inatsokomola, ndipo mapaipi onse awiri analavula mwaye wosakanizika ndi madzi pa sokosi zanga. Madontho ake anali ofanana ndendende mwendo uku ndi uku. Apa ndiye ndinatsimikiza kuti ndinayeza bwino.

Achimwene sakanazimitsanso injini. Anathokoza azibambo aja, nanditsitsira sutikesi galimoto ikulira.

"Ukalimbikire sukulu!" anakuwa. Katsanzikidwe kanga kokonzekera kaja sanakamve n'komwe.

Ndinasenza sutikesi pamutu n'kubwerera kugeti wapansi. Kumbuyo kwanga pikapu inkabangula ikulowera ku Nathenje, ndipo kunena zoona, ili patali imamveka bwino kwambiri. Ndinawongola khosi. Ndinaganiza kuti mwina zinthu zikhoza kukonzekabe, poti mawuwo aliyense ankawamva.

Mtsikana wa galimoto yofiira uja anabwera kudzandithandiza kutula sutikesi. Chaka chonse chapitacho anali asanandilankhulepo.

"Iwe, chikuphokoseracho n'chiyani?" anafunsa.

"Ndi galimoto yathu," ndinayankha monyadira. "Ya mapaipi awiri."

Anayang'ana sokosi zanga, nayang'ana kumsewu, kenako anandigwira paphewa mwachifundo chenicheni.

"Pepa," anatero. "Tiye ndikakubwereke ndowa."