Pemphero Limene Mayi Wailesi Sanalimalize

Mayi amene tawaika m'manda Lachiwiri lapitali anabadwa akulongolola, moti akuti azamba anapempha tchuthi tsiku lomwelo. Ali mtsikana ankatsogolera mapemphero kusukulu mpaka aphunzitsi anawapatsa dzina loti Wailesi, ndipo linawakanirira mpaka imvi.

Anakwatiwa ndi telala wosalankhulalankhula, banja la mphika ndi chivindikiro. Zaka makumi anayi anasesa tchalitchi chathu, kuchapa nsalu za paguwa ndi kuyendera odwala, ena mpaka ankachira msanga kuti makutu apumeko. Ankakonda kunena kuti, "Mulungu sagontha, koma kumukumbutsa sikulakwa."

Kenako sitiroko inawagwetsa pakhomo la bafa n'kuwalanda mawu onse. Wailesi inazima.

Mwana wawo wamkazi anapeza dokotala wophunzitsa kulankhula, wa kutsidya kwa malire, woti aziwaphunzitsa pa foni Lachinayi lililonse. Foniyo ankaitsamiritsa pa chitini cha shuga, mayi atamanga duku latsopano ngati akukaonana ndi bishopu. Zophunzira kunena "madzi" kapena "kukuwawa" anazikana. Analoza buku la mapemphero: ankafuna kunenanso Pemphero la Ambuye ndi pakamwa pawo asanafe. Mzere umodzi unkadya mwezi wathunthu, dovu lili chuchuchu.

Atafika popempha chakudya cha lero, bungwe loyang'anira madokotala linatulutsa lamulo: wothandiza odwala pa foni akhale ndi chiphaso cha kuno. Dokotala uja analibe, ndipo maphunziro anathera pomwepo.

Mwana uja anapita ku ofesi ya bungwelo. "Bwana, amayi atsala ndi mizere itatu yokha."

"Chemwali, tikuteteza mayi anuwo kwa madokotala achinyengo," anatero kalaliki uku akusenda nthochi. "Wachiphaso alipo kuchipatala chachikulu. Pitani nawo."

"Sayenda."

"Ndiye adikire komiti yopereka ziphaso."

Mayi anadikira miyezi isanu ndi iwiri osadandaula. Nanga akanadandaula ndi chiyani? M'mawa uliwonse ankayamba pempherolo n'kukaima pa chakudya paja, milomo ikungogwedera pachabe.

Anamwalira mwamtendere masanasana, korona yopempherera ili m'manja. Komiti sinakumanebe.

Abambo mfumu akuti titengere chitsanzo cha kupirira kwawo. Tamva. Koma mzere wotsatira, umene sanaufike, ndi uja wolonjeza kukhululukira otilakwira. Mayi Wailesi anapita osaunena, ndipo ife a m'kwaya, tikafika pamenepo Lamulungu, timayamba tatsokomola.